Lenia Athyola Waya wa Atsibweni

MUTU 4

1. Pansi pa khola

Lenia adabwerera kwawo Lachiwiri masana, atatha masabata asanu ndi limodzi ku chipatala cha Mtengowanthenga kumene ankadwazika mayi ake. Tchuthi chonse chomalizira Sitandade 7 chidathera pamenepo, kuphika phala ndi kuchapa nsalu. Bambo ake adali ku migodi ya ku Joni chaka chachitatu, choncho panalibe wina woti akadikirire matendawo. Mudzi wawo udali m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, kumene basi imangokutula pamsewu, kotsalako n'kumaliza ndi miyendo.

Mwana wina akadayamba wamwa madzi. Lenia adangotula mtolo pakhonde n'kuthamangira kuseri kwa nyumba, kumene kudali kampanda ka kamba wake. Kambayo adamutola ali Sitandade 5 m'munda wa mtedza, moto wolusa utamuwaula chigoba mbali imodzi. Adamutcha Sajeni chifukwa cha kayendedwe kake kodzimva. Anzake ankamuseka kuti akuweta ndiwo, koma iye adalibe nazo ntchito.

M'kampandamo mudali udzu wouma wokhawokha.

Ali chiimire, adatulukira atsibweni ake, a Yoswa, mlongo wa mayi ake, akuchokera kothirira nazale ya fodya. Iwowa ndiwo ankayang'anira mbumba yonse, ndipo mawu awo pakhomopo sankabwerezedwa kawiri.

"Ukufuna kamba wako? Ali pantchito," adatero a Yoswa akutula keni. "Kaone pansi pa khola langa."

A Yoswa adali ndi nkhuku zakuda za mikolongwe makumi awiri, ndipo ankazikonda kuposa anthu ena a pakhomopo. Atapita kukagulitsa fodya ku Lilongwe adakumana ndi mkulu wina amene adawauza kuti kamba akamangidwa pansi pa khola, chitopa chimalambalala. Adabwera nayo nzeru imeneyo ngati munthu wotola chikwama.

Lenia adakwawira pansi pa kholalo. Sajeni adali pamenepo, chigoba chonse chitamatika zitosi. Kumbuyo kwa chigobacho adali atabooledwa ndi msomali wamoto, ndipo waya udachoka pabowopo n'kukamangidwa kumzati. Pambali pake padali chigubu chodula chokhala ndi madeya osasa. Lenia atamunyamula, kambayo adapepuka ngati chikho chopanda madzi. Maso adali atalowa m'kati. M'khosi ndi m'khwapa mudali nkhupakupa zokhuta, zotupa ngati nthanga za nsatsi.

Sadapemphe chilolezo. Adagwira wayawo ndi manja awiri, naupinda uku ndi uku mpaka udatentha n'kuthyoka.

2. Mawu a atsibweni

Potuluka pansi pa kholalo adapeza a Yoswa ataima, manja ali m'chiuno.

"Mwana iwe, wathyola waya wanga?"

"Eya, atsibweni. Akufa."

"Tamvera kuno," adatero a Yoswa, mawu ali pansi. "Kuchipatala wabwerako ndi makani. Iwe ndiwe mwana wamkazi, ndipo mwana wamkazi akaona chinthu chomangidwa ndi akulu amayamba wafunsa. Nkhuku izi si zanga ndekha. Mazira amene unkadya iwe ndi mayi ako kuchipatala ankachokera m'khola lomweli. Chaka chatha chitopa chidasesa mudzi uno, sikudatsale ngakhale tambala wotidzutsa. Chaka chino ndapeza mlonda, iwe n'kudzamumasula? Kamba ndi nyama yakutchire, njala siimupha. Amatha chilimwe chonse osadya. Ukamachita chifundo ndi chilichonse chokwawa, udzakalamba ulibe kanthu pakhomo."

Lenia adangotambasula mwendo wa Sajeni kuti atsibweniwo aone okha. A Yoswa adasuzumira, nakwinya nkhope. Sadali munthu wankhanza ayi, koma akagwira mfundo ankaigwira ndi mano omwe.

"Zimenezo ndi nkhupakupa basi," adatero. "Mawa ndi Lachitatu, tsiku la dibi. Upite naye ukamuviike m'mene zimasambira ng'ombemo, zonsezo zikayoyoka. Ikamakwana nthawi yotsekera nkhuku, ndimupeze pamalo pake."

3. Kudibi

M'mawa mwake Lenia adaika Sajeni m'kadengu nauyamba wa kudibi. Pamphambano adakumana ndi anyamata a yufi, achinyamata a chipani ovala malaya ofiira, amene adamufunsa khadi la chipani. Adawaonetsa. Mmodzi adavundukula kadenguko, ndipo onse adaseka mpaka kugwira mawondo. Lenia adavundikiranso n'kumapita.

Kudibi kudali fumbi, malikhweru ndi fungo la mankhwala loluma m'mphuno. Ng'ombe zinkalumphira m'dzenje lalitali la simenti imodziimodzi, n'kutulukira mbali inayo zikuyetsemula. Lenia adadikira mpaka yomaliza itadutsa. Kenako adamanga luzi kukadengu kake, nagwada m'mphepete mwa dzenjelo, nayamba kukatsitsa.

Kadenguko katatsala pang'ono kukhudza madzi, dzanja lidagwira luzilo. Adali a Vinsenti, alangizi a ziweto a dera limenelo, bambo wamfupi wovala ovolosi yobiriwira.

"Muli chiyani m'menemu?"

"Kamba wanga. Ali ndi nkhupakupa."

A Vinsenti adakoka kadenguko, nakayang'ana m'kati, napukusa mutu. Adamutengera Lenia pansi pa mtengo wa muwanga, kutali ndi dzenjelo.

"Wakutuma ndani?"

"Atsibweni anga, a Yoswa."

"Khala pansi, mwanawe, undimvetsere bwino. Madzi awa ndi poizoni. Ng'ombe imapirira chifukwa ndi yaikulu, chikopa chake n'chokhuthala, ndipo imangodutsamo. Nkhupakupa zikadafadi, koma kamba wakoyu akadafa nazo limodzi dzuwa lisanafike pamutu. Iwenso ukadalowetsamo manja, kenako n'kudya mango panjira, bwenzi tikunena zina. Anthu kuno mumaganiza kuti mankhwala akakhala amphamvu ndiye kuti achiza chilichonse. Ndaonapo mayi atasambitsa mwana wake madzi amenewa chifukwa cha nsabwe. Usadzayesenso, ndipo usadzamuwaze ufa wophera tizilombo m'munda, kapena madzi a fodya, kaya wakuuza ndani."

Lenia adamva manyazi ndi mantha nthawi imodzi. Adazindikira kuti akadamupha yekha.

"Nanga ndichite bwanji?" adafunsa.

"Ine ndidaphunzira za ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku. Za kamba sadandiphunzitse, ndisakunamize. Koma nkhupakupa ndimaidziwa, njala ndimaidziwanso."

A Vinsenti adathyola kansungwi, nakang'amba pakati ndi mpeni, nakasandutsa kapani. Adauza Lenia kuti agwire mwendo wa kamba mofatsa. Ndi kapaniko adatsina nkhupakupa imodzi pafupi penipeni ndi khungu, naikoka pang'onopang'ono mpaka idazuka ndi mutu womwe.

"Waona? Ukagwira pamimba iphulika. Ukakoka mwaukali mutu utsalira m'thupi, pamenepo padzatuluka chilonda. Yesa iwe."

Yoyamba idamuphulikira. Yachiwiri idazuka bwino. Adakhala pansi pa mtengowo mpaka mthunzi udasuntha, ndipo adachotsa nkhupakupa makumi atatu ndi zinayi. Zonse adaziponya pamoto umene abusa adasiya.

Pomuperekeza, a Vinsenti adamulangiza zochita. Mabala awatsuke ndi madzi owiritsa ozizira othira kamchere. M'mawa uliwonse amukhazike m'madzi ofunda pang'ono osafika pamphuno, kuti amwe. Aziwothera dzuwa la m'mawa, koma masana akhale pamthunzi. Chakudya chikhale masamba aawisi, osati madeya. Ndowe zake azichotsa tsiku lililonse, ndipo akamaliza kumugwira azisamba m'manja ndi sopo.

"Chinanso," adatero. "Ukawauze atsibweni ako kuti chitopa sichiopa kamba. Chimaopa katemera. Kumapeto kwa mwezi uno ndikatenga kuboma. Abweretse nkhuku zawo."

4. Miyala ya m'chitini

Nthawi yotsekera nkhuku itakwana, a Yoswa adasuzumira pansi pa khola napeza mzati wokha. Adamupeza Lenia kuseri kwa nyumba akupaka jivi pabowo la chigoba, mankhwala a zilonda amene adatsalako kwa mayi ake.

"Ndidati chiyani dzulo?"

"Sanachire, atsibweni. Akachira ndikuuzani."

Adawafotokozera zonse za kudibi, za poizoni ndi za katemera. A Yoswa adaseka chikhakhali.

"Vinsenti? Mwana wa dzana uja? Ine ndidayamba kuweta nkhuku iye akuyenda wopanda kabudula. Chabwino, munenepetse. Mlonda wonenepa ndiye wabwino. Koma ndikadzamufuna, usadzandiyankhe."

Lenia adamanga kampanda katsopano pamalo oyera, kutali ndi kumene nkhuku zimapalasa. Adapanganso sikelo yakeyake. Adapachika ndodo pa nthambi ya mpichesi, mbali ina kadengu, mbali ina chitini. Ataika Sajeni m'kadengu, adaponya timiyala m'chitini mpaka ndodo idalingana. Timiyalato adatisunga momwemo.

Sukulu idatsegulidwa, ndipo Lenia adayamba Sitandade 8. Ankadzuka m'bandakucha, kumukhazika kamba m'madzi, kenako kuthamangira kudimba kukathyola chisoso, bonongwe ndi mnkhwani. Ankasinjanso zikamba za mazira n'kuwaza pamasambapo. Sajeni sankayang'anako n'komwe. Madzi ankamwa, atatambasula khosi lake lamakwinya, koma masamba ankafota pomwepo. M'ndowe zake munkatuluka tinyongolotsi toyera, ndipo Lenia ankazikolopola ndi chipande n'kukazitaya pamoto.

Tsiku lachisanu adamuyeza. Ndodo idapendekera kuchitini. Adayenera kuchotsamo kamwala kamodzi, ndipo adalira.

Mayi ake adamupeza akupukuta misozi.

"Lenia mwana wanga, ndikuuze," adatero atakhala pamwala. "Achimwene si munthu woti uzikangana naye. Bambo ako ali kutali, kalata imabwera kamodzi pa miyezi itatu. Denga ili adafolera ndi iwo. Munda wathu adatilimira ndi iwo ine ndili chigonere. Munthu amene wakuchitira zotere ukamuyankha pagulu, anthu sanena kuti mwana walakwa, amati mayi ake sadamulange. Ine sindikuti kambayo ndi wopanda pake, ndidakuona m'mene udamulerera. Koma taona, sakudya. Ukhoza kudana ndi atsibweni ako chifukwa cha chinthu choti mawa chifa chokha."

"Akafa afere m'manja mwanga, amayi, osati pa waya."

Mayiwo adadzuka, nabwerera kukhitchini.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chiwiri Lenia adabwera ndi duwa lachikasu la dzungu limene lidathothoka m'dimba. Adaliika pafupi ndi mphuno ya Sajeni, natembenuka kukatunga madzi. Pobwera adapeza theka la duwalo palibe. Kambayo adali ataponda mbali yotsalayo ndi mwendo, akung'amba mosafulumira, chidutswa chachikasu chili lende pakamwa. Lenia adaima chilili mpaka belu la kusukulu lidalira, ndipo tsiku limenelo adalandira chibalo chosesa bwalo. Adasesa akuimba.

Kuyambira pamenepo zinthu zidayamba kuyenda. Atamaliza maluwa, Sajeni adalawa mnkhwani, kenako chisoso. Mabala adauma. Maso adatuluka. Loweruka lililonse Lenia ankamufufuza m'khwapa ndi kapani kake, ndipo kawiri konse adapezamo tinkhupakupa tating'ono tobisala. Kamwala kamene adachotsa kaja kadabwerera m'chitini, ndipo tidakatsatira tina tisanu ndi tinayi.

Mwezi udatha. A Vinsenti adabwera ndi katemera kudibi, ndipo Lenia adawakumbutsa atsibweni ake kawiri. A Yoswa adati ali otanganidwa ndi mizere ya fodya.

5. Msomali pamoto

Mvula ya chizimalupsa idagwa Lachinayi. Loweruka m'mawa a Yoswa atatsegula khola, nkhuku zitatu sizidatsike. Zidangoti zii pakona, mapiko ali lende, makosi opindika. Ina idali itauma kale.

Lenia akuchokera kumjigo adaona atsibweni ake atakoleza moto pabwalo. Pamakala padali msomali wautali, ndipo pambali pawo padali waya watsopano.

"Waona ntchito yako?" adatero a Yoswa osamuyang'ana. "Mlonda adachoka, wakuba walowa. Bowo lakale lija lidang'ambika, ndiboola lina. Ndikupita kukakwirira nkhukuyi. Pobwera ndimupeze kamba ali pano."

"Atsibweni, chitopa chalowa kale. Mukamumanga afa, ndipo nkhuku zifabe. Patulani zodwalazo, muitane a Vinsenti aone zotsalazi."

"Ndati ndimupeze pano."

Adanyamula nkhuku yakufayo ndi khasu, nalowera kudzala.

Lenia adatula ndowa. Adadziwa kuti pamudzipo palibe pobisa kamba. M'nkhokwe akadamupeza, kwa anansi akadamubweza. Adalowa m'kampanda, naika Sajeni m'kadengu, nadutsa kuseri kwa bafa n'kulunjika kuphiri.

Adakwera kwa nthawi yaitali. Adapitirira minda yomaliza, napitirira malire a nkhalango ya boma kumene anthu saloledwa kutentha kapena kusaka. Kadenguko kankamulemera pamutu, ndipo kulemerako kudamukondweretsa ndi kumuwawa pamodzi. Adafika pakamtsinje kena kodutsa pakati pa matanthwe, pamene msipu udali utayamba kale kuphuka.

Adamutulutsa, namufufuza komaliza m'khosi ndi m'khwapa. Mudali moyera. Adamuika pansi.

Sajeni adakhala kanthawi mutu uli m'kati. Kenako adautulutsa, nanunkhiza dothi lonyowa, nabudula kansonga ka udzu. Adaimika chigoba chake pamiyendo inayi nayamba kuguba kulowera kumatanthwe. Sadacheuke. Lenia adafuna kumuthamangira n'kumunyamulanso, chifukwa adamulera zaka zitatu ndipo ankamukonda. Adakhala pansi nagwira mawondo ake mwamphamvu mpaka chigobacho chidabisika m'masamba ouma.

6. Kadengu kopanda kanthu

Adafika pakhomo dzuwa litapendeka. A Yoswa adali pampando wawo pafupi ndi moto uja, ndipo mayi ake adali pakhonde, nkhope ili pansi. Lenia adayenda mpaka pamaso pa atsibweni ake, nagwada monga mwa ulemu, naika kadenguko pansi.

"Ali kuti?"

"Ndakamusiya kutchire."

"Kutchire kuti?"

"Sindinena, atsibweni."

A Yoswa adaimirira. Sadamumenye. Adalowa m'nyumba ya mlongo wawo, natuluka ndi yunifolomu ya Lenia pamodzi ndi makope ake omanga ndi mphira.

"Ndamva kuti Lolemba aphunzitsi akulemba mayina a ana odzalemba mayeso a Sitandade 8," adatero. "Amene sadzapezeka tsiku limenelo adikira chaka chamawa. Izi zikukalowa m'sutikesi mwanga, ndipo kiyi ndimayenda naye. Sukulu imene ikuphunzitsa mwana kuyankha akulu ine sindiifuna. Ukandilondolera pamene wamusiya kambayo, udzatenga katundu wako. Uli ndi lero ndi mawa."

"Achimwene," adayamba mayi ake.

"Iwe khala chete. Mwanayu wafika apa chifukwa cha iwe."

Lenia adayang'ana makope akewo. M'menemo mudali zonse zimene adalemba chiyambire chaka. Kenako adayang'ana msomali umene udali chigonere pamakala, wofiira mpaka kunsonga.

"Msomaliwo muuchotse pamoto, atsibweni," adatero. "Nkhuni zikungotha."

Lamulungu nkhuku zina zinayi zidafa. A Yoswa sadapite kutchalitchi, adangokhala pakhonde kudikira kuti mwanayo abwere kudzagonja. Lenia adadutsa pamaso pawo kanayi konse ndi ndowa pamutu, nawapatsa moni nthawi zonse, osaonjezapo mawu.

Lolemba m'mawa belu loyamba lidamveka kutsidya kwa dambo. Lenia adasamba, navala diresi lake lakumunda long'ambika paphewa, natola kapensulo kamene kadatsalira pawindo. Aphunzitsi aakulu a pasukulupo sadalolepo mwana wopanda yunifolomu kudutsa pageti, ndipo Lenia ankadziwa zimenezo. Njira ya kusukulu inkadutsa pakhomo penipeni pa a Yoswa, ndipo iwo adali ataima pomwepo. Lenia adatsekera mayi ake chitseko, nalowa m'njiramo.